Sitima Yabuluu pa Njanji Yopapatiza

Mukapita ku Kanengo ndi tepi yoyezera n'kuigoneka pakati pa zitsulo ziwiri za njanji, mupeza mamilimita 1,067. Mukaitenga tepi yomweyo n'kupita nayo ku Mchinji, ku Nacala, ku Bulawayo, ku Pretoria mpaka ku Cape Town, nambala yake simasintha. Azungu amene anayala njanji kum'mwera kwa Africa anasankha mpata wopapatizawu chifukwa unali wotsika mtengo podutsa m'mapiri ndi pokhota, ndipo tonse tinaulandira ngati cholowa. Njanji ya m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi yotakasuka, mamilimita 1,435. Yatsopano ya ku Tanzania ndi yotero, Gautrain ya ku Johannesburg ndi yoteronso. N'chifukwa chake ambiri timangokhulupirira kuti sitima yamakono ya magetsi imafuna kuti muyambe mwazula njanji yakale yonse.

Pali sitima ina imene imatsutsa maganizo amenewo tsiku lililonse m'mawa ndi madzulo. Dzina lake la kufakitale ndi X'Trapolis Mega, koma okwera amangoti sitima yabuluu, poisiyanitsa ndi zakale zachikasu. Imayenda ku Pretoria, ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, ndipo pakati pa oikwera pali abale athu ambiri amene anatsika basi ya ku Lilongwe pa Park Station kukasaka maganyu ku Joni. Gautrain ndi yokongola, koma mtengo wake si wa munthu wogwira ntchito ya m'munda kapena ya m'nyumba. Yabuluuyi ndiye ya wantchito, ndipo luso limene linaikidwamo ndi lofunika kuliyang'ana modekha.

Tiyambe ndi vuto limene mainjiniya a kampani ya Alstom, amene anajambula sitimayi, anapatsidwa. Bogi iliyonse ndi yotambalala pafupifupi mamita 2.75, koma yakhazikika pa magudumu otalikirana mita imodzi ndi kachidutswa. Ndiye kuti thupi laposa mpata wa miyendo yake kawiri ndi theka. Muikemo anthu mazana awiri, ambiri ali chiimire, ena atatsamira mbali imodzi, kenako muithamangitse pokhota. Chinthu chotere chimafuna kugubuduka. Mankhwala ake ndi kutsitsa kulemera konse pansi. Mabokosi a magetsi, mabatire, matanki a mpweya wa mabuleki, zonse zolemera zimapachikidwa kunsi kwa pansi pamene anthu amaponda, kuti mtima wa kulemera ukhale pafupi ndi njanji. Kumtunda kumatsala chigoba chopepuka ndi anthu. Vuto lachiwiri ndi la malo. Mota yoyendetsa magudumu imakhala pakati pa magudumuwo, ndipo pa njanji yathuyi mpatawo ndi wochepa ndi masentimita pafupifupi 37 poyerekeza ndi wa ku Ulaya. Mota, magiya ndi mabuleki ziyenera kukwana mmenemo popanda kukhulana, komanso mmisiri akabwera ndi sipanala dzanja lake lilowe. Anthu amayamikira mutu wosongoka ndi utoto, koma ntchito yeniyeni ili kunsi kumene wokwera saonako.

Kuyeza si nkhani yamasewera, ndipo PRASA, bungwe loyendetsa sitima za anthu ku South Africa, linaphunzira zimenezi mowawa. Mu 2015 zinadziwika kuti mainjini a dizilo otchedwa Afro 4000 amene linagula kuchokera ku Spain anali aatali mamilimita 4,140, pamene malire a njanji zambiri za dzikolo ndi 3,965. Kusiyana kwake sikufika ngakhale pa chikhatho chotambasula, koma kunali kokwanira kuopseza mawaya a pamwamba, ndipo mgwirizano wogulira mainjiniwo khoti linadzauthetsa. Sitima yabuluu inabwera m'zaka zomwezo, kwa wogula yemweyo, ndipo inakwana pansi pa waya ndi m'milatho.

Munthu wozolowera sitima ya katundu ya ku Kanengo akaiona koyamba amafunafuna mutu. Palibe. Sitimayi ndi mabogi asanu ndi limodzi olumikizana, otalika mamita pafupifupi 131 onse pamodzi. Awiri akumapeto ali ndi chipinda cha dalaivala koma alibe mota, anayi apakati ndiwo ali ndi mamota. Ikafika kumapeto kwa ulendo siitembenuka, dalaivala amangotuluka n'kuyenda wapansi kupita kumbali inayo. Chifukwa chogawira mphamvu motere ndi chakuti chitsulo pa chitsulo chimaterera. Gudumu la sitima limakhudza njanji pa kamalo kakang'ono kwambiri, ndipo mukaika mphamvu yonse pa magudumu ochepa a injini imodzi, amangozungulira pamalo amodzi, makamaka kukagwa mvula. Mukaigawa pa magudumu ambiri, lililonse limakoka pang'ono ndipo palibe loterera. Sitima ya m'tauni imaima pafupipafupi, mwina makilomita awiri alionse, choncho chimene chimapulumutsa nthawi ndi kunyamuka msanga ndi kuima msanga. Liwiro lake lapamwamba, makilomita 120 pa ola, siifikapo kawirikawiri, ndipo ine ndimaona kuti nambala imeneyo ndi yosafunika kwenikweni pa nambala zake zonse.

Kuti mumvetse kukoma kwa kanyamukidwe kake muyenera kudziwa zimene inalowa m'malo. Sitima zachikasu za mtundu wa 5M2 zinayamba kubwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo zambiri zinapangidwa ku Nigel ndi kampani ya Union Carriage & Wagon. Zinali zolimba, tisazinyoze, popeza zanyamula anthu zaka zoposa 60. Koma njira yake yochepetsera mphamvu ponyamuka inali yowononga. Magetsi ankadutsa kaye m'zitsulo zowatsekereza, zimene zinkasandutsa mphamvu yotsalayo kukhala kutentha kongotayika mumphepo. Dalaivala akamawonjezera liwiro, zitsulozo zinkachotsedwa chimodzichimodzi, ndipo sitepe iliyonse wokwera ankaimva m'khosi: gwede, gwede. Mamota ake analinso ndi timaburashi tokhula mkati timene tinkatha n'kumafuna kusinthidwa.

Yabuluu imatenga magetsi omwewo, mavolti 3,000 oyenda mbali imodzi, n'kuwapereka ku inveta. Aliyense wa ku Area 47 kapena Area 10 amene anaika sola ndi mabatire pothawa kuzimazima kwa magetsi akuidziwa inveta, ndipo ya m'sitima ndi mkulu wake wa imeneyo. Imadula magetsiwo tizidutswa kambirimbiri pa sekondi imodzi n'kuwaumbanso kukhala magetsi osinthasintha a magawo atatu, pa mlingo umene mota ikufuna panthawiyo. Ponyamuka imapereka mafunde odekha, liwiro likamakwera mafundewo amafupika. Palibe sitepe. Mayi woima ndi mwana kumsana amangomva pansi pakumukoka mofanana mpaka sitima itakhazikika. Kulira kokwerakwera kumene mumamva kunsi ikamanyamuka ndi mawu a invetayo ikusintha mlingo. Mota yamtunduwu ilibe maburashi, mkati mwake chimene chimakhudzana ndi mabeyaringi okha.

Poima zinthu zimatembenuka. Mota yomweyo imasanduka jenereta, magudumu ndiwo amaizunguza, ndipo kulimbana kumeneko ndi kumene kumachepetsa liwiro. Magetsi otulukawo amabwerera kuwaya wa pamwamba, ndipo ngati pali sitima ina ikunyamuka chapafupi, imawalandira. Mabuleki okhula amangomalizitsa pamene liwiro latsika kale. Phindu lake lili pawiri, magetsi amapulumuka komanso mabuleki amachedwa kutha. Chondisangalatsa apa n'chakuti sitima ziwiri zimene madalaivala ake sakuonana n'komwe zimagawana mphamvu kudzera pa waya mmodzi, ndipo ndandanda ikakhala yodzaza bwino ndi pamene zimapindula kwambiri.

Tsopano kwezani maso padenga. Pali mkono wachitsulo wopindika, pantograph, umene umakankha chopingasa chake kuwaya. Ukakankha mofooka, umasiyana ndi waya ndipo pamathetheka moto wowotcha zonse ziwiri. Ukakankha mwamphamvu, umanyamula waya n'kuudya. Uyenera kusunga mphamvu yofanana pamene waya akutsika polowa pansi pa mlatho ndi pamene akukweranso potuluka, sitima ili kugwedezeka pansi pake. Pamwamba pa chopingasacho pali kachidutswa kopangidwa kuti kazitha ndiko, waya n'kutsala, popeza kusintha kachidutswa m'depoti ndi ntchito ya kanthawi pamene kusintha waya ndi kutseka njira yonse. Ndiye muyang'anitsitse wayayo mutaima kumapeto kwa pulatifomu. Sanawongoke. Pa mzati uwu wakokedwera kumanja pang'ono, pa wotsatira kumanzere. Wosadziwa angati amisiri analephera kukoka chingwe, pamene anachita dala. Waya akanakhala wowongoka akanacheka mzere umodzi pa kachidutswa kaja mpaka kukadula pakati. Mwa kupita uku ndi uku, amasesa chopingasa chonse ndipo chimatha mofanana. Magetsi akatha ntchito m'mamota amabwerera kudzera m'magudumu ndi m'njanji momwemo.

Chigoba chake ndi cha chitsulo chosachita dzimbiri. Kwa sitima yoyenda m'mphepete mwa nyanja yamchere, ku Muizenberg kapena ku Durban, chisankho chimenechi n'chomveka. Koma wowotcherera aliyense, ngakhale wa mageti ndi mafelemu a mawindo ku Old Town, akuuzani kuti chitsulo chopyapyala chikalandira moto wambiri chimapindika, ndipo chosachita dzimbirichi chimaposa. Khoma la bogi ndi lalitali mamita opitirira 20. Likapindika pang'ono pokha, diso limaona mafunde kuwala kukagundapo, ndipo chitseko sichikhala bwino m'malo mwake. Choncho mapepala achitsulowo amamangidwa kaye zolimba pa chimango choyezedwa, kenako amalumikizidwa ndi timadontho ta moto tambirimbiri, kalikonse kwa kamphindi, motsata dongosolo loti kutentha kusaunjikane malo amodzi. Kumutu kwa sitima kuli zigawo zopangidwa kuti pangozi zifwanyike ndizo, zimeze nkhonya isanafike pamene pali anthu, komanso zitsulo zoletsa bogi kukwera pa inzake.

Koma mutandifunsa chinthu chimodzi chimene chinasintha moyo wa wokwera, ndinganene chitseko. Bogi iliyonse ili ndi zitseko zitatu mbali iliyonse, zotseguka pawiri, kuti anthu atuluke ndi kulowa msanga. Pa sitima zachikasu zitseko zinkatsekerezedwa ndi phazi, anthu ankalendewera kunja, anyamata ankathamanga nayo pa pulatifomu n'kudumphira ikuyenda, ena ankakwera padenga pafupi ndi waya wa mavolti 3,000. Ambiri anafa motero, ena anaponyedwa kunja ndi achifwamba sitima ili pa liwiro. Yabuluu inamangidwa kuti chitseko chimodzi chikakhala chosatseka, mamota salandira mphamvu. Dalaivala angafune bwanji, siinyamuka. Munthu akaika phazi pachitseko, amene amamudzudzula ndi anzake okwera amene akuchedwa kuntchito. Mainjiniya anachotsa mkanganowo m'manja mwa mlonda mmodzi n'kuupereka kwa anthu oposa 1,000 amene ali mkatimo. Anachotsanso malo obisalira. Kuchokera kumutu mpaka kumchira mabogi ndi otseguka mkati, munthu amayenda osatsegula chitseko, ndipo amaona kutali. Kunja kulibe masitepe kapena zogwirira pakati pa mabogi. Makamera alipo, koma ine ndimakhulupirira kwambiri mpata woonekerawo kuposa kamera.

Mgwirizano wopanga sitimazi unasainidwa mu October 2013 pakati pa PRASA ndi Gibela, kampani imene Alstom ili ndi gawo lalikulu. Unali wa ndalama zokwana R51 biliyoni, sitima 600, mabogi 3,600. Sitima makumi awiri zoyamba zinapangidwa ku Lapa, ku São Paulo m'dziko la Brazil, ndipo yoyamba inafika pa sitima ya pamadzi kumapeto kwa 2015. Siinathamangire kunyamula anthu. Chaka cha 2016 chinathera kuiyesa, ili ku depoti ya Wolmerton kumpoto kwa Pretoria: mabuleki ikakhala yopanda kanthu ndi ikalemedwa, kugwirizana kwake ndi zizindikiro za panjanji, mpata wa pakati pa chitseko ndi pulatifomu, ndiponso kuphunzitsa madalaivala amene manja awo anazolowera masitepe a sitima yakale. Kumayambiriro kwa 2017 inayamba kunyamula anthu pa njira ya Pienaarspoort, yodutsa ku Mamelodi, poyamba pa maola amene anthu sachuluka. Pa 9 May 2017 Pulezidenti Jacob Zuma anaikhazikitsa mwamwambo ku Pretoria. Kuyamba ndi njira imodzi, pa maola ozizira, ndi nzeru imene andale saikonda chifukwa ilibe chikoka, koma zolakwika zazing'ono za chitseko ndi kompyuta zimaonekera pamenepo popanda kusokoneza mzinda wonse.

Sitima 580 zotsalazo zinayenera kupangidwa m'dziko momwemo. Fakitale inamangidwa ku Dunnottar, pafupi ndi Nigel kumene zachikasu zija zinkachokera, ndipo Pulezidenti Cyril Ramaphosa anaitsegula mu October 2018. Pamene za ku Brazil zinkapangidwa, mainjiniya ndi amisiri a ku South Africa anatumizidwa kukagwira nawo ntchito kumeneko, kuti pobwerera akhale aphunzitsi a anzawo. Fakitaleyo inakonzedwa kuti ikafika pachimake izitulutsa sitima 62 pachaka. Madera amenewa ali kum'mawa kwa Johannesburg, dera la migodi ya golide ngati imene agogo athu ankapitako pa Wenela. Iwo ankakumba pansi mwala wopita kunja. Pamwamba pa nthaka yomweyo lero pali achinyamata, kuphatikizapo atsikana, amene akuwotcherera zigoba ndi kuluka mawaya a sitima imene amayi awo akwere.

Kenako kunabwera tsoka limene palibe injiniya akanalijambula. Kumapeto kwa 2019 migwirizano ya alonda a njanji inathetsedwa, ndipo mu March 2020 dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Sitima zitaima, mbava zinalowa. Zinadula waya wa kopa makilomita ndi makilomita, zinazula zingwe za zizindikiro, masiteshoni ena anatsala makoma okha. Ku Cape Town anthu anamanga nyumba pa njanji penipeni pa Central Line. Maulendo a okwera, amene ankaposa 500 miliyoni pachaka zaka khumi m'mbuyomo, anatsika osafika ndi 20 miliyoni. Fakitale inkatulutsa sitima zatsopano zopanda poyenda. Njira zinayamba kubwerera imodziimodzi, ya Mabopane mu 2022, kenako ya Naledi ku Soweto ndi zina, ndipo pafupifupi paliponse pamene waya anabwezeretsedwa, imene inabwera ndi yabuluu. Sitima ya dizilo imanyamula mphamvu yake pamsana. Ya magetsi inasiya mtolo umenewo kuti ipepuke, ndipo mtengo wa kupepukako ndi wakuti moyo wake uli pa waya amene wapachikidwa poyera usiku wonse.

Apa ndi pamene munthu wa ku Lilongwe ayenera kudziletsa. N'zoona kuti mpata wa njanji ndi umodzi kuchokera ku Dunnottar, kudzera ku Beitbridge, Mutare, Dondo, Moatize, Nkaya ndi Salima mpaka ku Kanengo, ndipo magudumu a sitima yabuluu angakhale bwinobwino pa zitsulo zathu. N'zoonanso kuti mzinda wathu unamangidwa momwazikana, Old Town uko, City Centre ndi Capital Hill uko, mafakitale ku Kanengo, ndipo wantchito wa ku Area 25 kapena Area 36 amathera ndalama ndi maola m'minibasi ndi pa kabaza. Mzinda wotere ndi umene sitima yonyamuka msanga inapangidwira. Koma njanji imene inafika kuno mu 1979 kuchokera ku Salima, ndi thandizo la Canada, n'kupitirira ku Mchinji, inayalidwira fodya, feteleza ndi mafuta, ndipo siilowa kumene anthu amapita m'mawa. Misewu tikuikuza, Kenyatta ndi mphambano ya Area 18 zikuoneka, koma mzere wa njanji wopita pakati pa mzinda palibe anausiyira malo ooneka. Ndiye magetsi. Mu January 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo tonse tikukumbukira mmene tinkakhalira. Titati tiyale waya lero, sitingasankhenso mavolti 3,000, amene amafuna nyumba zodyetsera magetsi pafupipafupi. Tingatenge 25,000 osinthasintha monga anachitira a ku Tanzania. Chimene ndikutenga kwa yabuluu n'chochepa koma chogwirika: kupapatiza kwa njanji sikuli pa mndandanda wa zotilepheretsa.

Chatsala ndi gudumu, limene ndi lakale kuposa zonse ndatchulazi. Magudumu awiri a sitima amamangidwa pa ekiselo imodzi ndipo amazungulira limodzi, pamene pokhota lakunja liyenera kuyenda mtunda wautali kuposa lamkati. Yankho lili m'kasemedwe. Pamene gudumu limaponda njanji si pafulati, ndi potsetsereka pang'ono, lonenepa chamkati, lowonda chakunja. Sitima ikalowa pokhota imasunthira kunja, gudumu lakunja limaponda ponenepa, lamkati powonda, ndipo ziwirizo zimadzikhotetsa zokha. Mlomo wa gudumu, umene ambiri timaganiza kuti ndiwo umawongolera, ndi chitetezo chomaliza chabe. Kasemedwe kameneka kamatha ndi kuyenda, ndipo gudumu likatsetsereka pa buleki limachita chipala chimene mumachimva chikugogoda pa kuzungulira kulikonse. N'chifukwa chake sitima zamakono zili ndi kompyuta yoyang'anira ekiselo iliyonse, imene imamasula buleki kwa kamphindi ikaona kuti gudumu layamba kutsetsereka. Ngakhale zili choncho, nthawi imafika yoti sitima ilowe m'depoti, mmisiri ayeze gudumu ndi geji yake, ndipo makina osemera achotsepo mamilimita ochepa kuti kasemedwe kaja kabwerere. Akasema kwambiri wafupikitsa moyo wa gudumu, akasema pang'ono sitima iziyenda ikugwedeza mutu. Mgwirizano wa 2013 uja unaphatikizapo zaka 19 za zipangizo zosinthira ndi thandizo la amisiri, nthawi yotalika pafupifupi kawiri kuposa zaka khumi zimene anaika zopangira sitimazo.